Kampaniyo ilandireni, koma alangizi a boma akhalepo

Achimwene aku Tsangano, mwafunsa ngati kalabu yanu ivomere kampani yomwe yabwera ndi mbewu ya mbatatesi ndi feteleza wangongole, ati ibweretsanso mlangizi wake. Ine ndikuti musaikane, koma musasaine pepala lililonse alangizi a boma asanalione.

Alangizi a boma ndi ochepa, izi tonse tikudziwa, mmodzi amayendera midzi yambirimbiri ena pa njinga yakapalasa, ndiye ndi mapiri akwanuko nthawi ya mvula sangafike paliponse ayi. Nchifukwa chake mu 2000 boma linatsegula khomo kuti mabungwe, makampani ndi magulu a alimi ngati NASFAM nawonso azipereka ulangizi. Ndiye kubwera kwa kampaniyo palibe cholakwika. Kungoti mlangizi wa kampani amalipidwa ndi kampani, ntchito yake ndiyoti mbewu ndi mankhwala awo ziyende ndipo ngongole ibwerere. Akhoza kukhala munthu wabwino zedi koma nkovuta kuti akuuzeni kuti munda uwu chaka chino musabzalenso mbatatesi, ikanimo chimanga kapena nyemba chifukwa nthaka ili ndi matenda ofotetsa mbewu. Zimenezo amanena ndi wa boma, poti iye alibe thumba loti akugulitseni.

Choyamba pitani ku EPA ya Tsangano, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, mukaonane ndi a AEDC, omwe ndi mkulu wa alangizi kumeneko, mukafunse ngati kampaniyo inadutsira ku ofesi ya zaulimi pa boma pa Ntcheu. Kumeneko kuli komiti ya DAECC yomwe imalumikiza onse ochita ulangizi m'bomamo. Akakuuzani kuti sakuidziwa, yambani mwaima kaye.

Ngati ikudziwika itanitsani msonkhano umodzi, a kampani, alangizi a boma, amfumu ndi kalabu yonse, amayi asasiyidwe chifukwa ntchito yambiri kumunda amagwira ndi iwo. Pamenepo funsani mosachita manyazi. Mtengo ogulira ukulembedwa pano kapena adzanena okha pokolola? Mbatatesi zing'onozing'ono adzatenga kapena adzasankha zikuluzikulu zokha nkukusiyirani zinazo? Chiwawu chikagwa munda nkupserera ngongole ikhala bwanji? Munthu mmodzi akalephera kubweza adzagwira kalabu yonse? Funso limeneli ndi lomwe limadanitsa anthu pamudzi, chonde musalidumphe. Funsaninso ngati zotsala mukuloledwa kukagulitsa pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off, komanso ngati mankhwala awo ndi ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo. Kontirakiti ikhale ya Chichewa ndipo kope imodzi itsale ku EPA.

Chaka choyamba musapereke munda onse. Mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu akonze mizere ingapo ya mbewu ya kampani pambali pa yomwe mumabzala kale, alangizi awiri onsewo aziyendera limodzi, pokumba muyeze pa sikelo anthu akuona. Ndipo mbewuyo ikafika, a boma aione isanalowe m'nthaka, matenda ambiri a mbatatesi amabwera ndi mbewu ndipo akalowa m'munda amakhalamo zaka.