A Phiri a ku Nkhotakota ndi a Phiri a ku Salima: kompyuta idziwa bwanji kuti ndi munthu mmodzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota amene amasunga kaundula wa gulu la alimi a mpunga. Iwo ndi mnzawo wa kuno ku Salima akulemba mbiri za anthu awo mu RDF, njira yolembera zinthu mwakuti kompyuta izitha kuzilumikiza, kuti mafayilo awiriwo aziwerengedwa pamodzi. Funso lawo ndi ili: "Alangizi athu, a Phiri, amathandizanso gulu la ku Salima. Ine ndalemba anthu:phiri, mnzanganso walemba anthu:phiri, koma pulogalamu ikuwaona ngati anthu awiri. Talakwitsa pati?"

Amayi, chakupusitsani ndi kachidutswa kakutsogoloko, "anthu:", kamene timati prefix. Prefix ili ngati dzina lapakhomo. Kwathu tikati "amalume", aliyense akudziwa amene tikunena, koma kafuuleni mawu omwewo pa Kamuzu Road muone abambo angati amene atembenuke.

Yang'anani pamwamba pa fayilo yanu, mupeza mzere wonga uwu:

@prefix anthu: <http://example.org/nkhotakota/anthu#> .

Kwa mnzanu mwina palembedwa <http://example.org/salima/mamembala#>. Adiresi yaitaliyo ndiyo namespace. Kompyuta ikamawerenga, imachotsa "anthu:" n'kuikapo adiresi yonseyo, kenako n'kulumikiza "phiri" kumapeto. Chotulukapo ndicho URI, dzina lenileni la munthuyo pa intaneti. Ndiye inu muli ndi URI yanu, mnzanu ali ndi yake, ngakhale pa maso zikuoneka zofanana. Zikhozanso kutembenuka: wina alembe "alimi:", wina "anthu:", koma ngati namespace ndi imodzi, munthunso ndi mmodzi. Prefix imathera m'fayilo momwe mwailembamo, siituluka panja.

N'chimodzimodzi ndi foaf: imene mukugwiritsa ntchito polemba foaf:name (dzina la munthu) ndi foaf:knows (amene akumudziwa). FOAF, mndandanda wa mawu ofotokozera anthu mu RDF, anaiyambitsa Dan Brickley ndi Libby Miller m'chaka cha 2000, ndipo namespace yake ndi http://xmlns.com/foaf/0.1/. Tonse timalemba "foaf:" chifukwa cha chizolowezi chabe. Koma mukaiwala kamzere ka / komalizira adiresiyo, foaf:name yanu isanduka chinthu chimene palibe pulogalamu ikuchidziwa.

Tsono muwalumikiza bwanji a Phiri? Njira imene ine ndimaikonda ndi yosavuta: gwirizanani kuti URI ya alangiziwo ikhale imodzi, mnzanu aleke kupanga yake, azingotchula yanu. Ngati mafayilo anafalikira kale moti kusintha n'kovuta, lembani mzere umodzi wa owl:sameAs, mawu ochokera mu OWL, chilankhulo cholembera malamulo a mmene zinthu za mu RDF zimagwirizanirana, pakati pa ma URI awiriwo, osaiwala kulengeza prefix ya owl, imene ndi http://www.w3.org/2002/07/owl#.

Apa ndiye pofunika kudekha. owl:sameAs sikutanthauza "akufanana" kapena "mwina ndi omwewo". Ikutanthauza kuti chilichonse chonenedwa za uyu ndi cha uyonso. A Phiri m'Malawi muno ndi ochuluka ngati usipa. Mukalumikiza olakwika, mudzi wa wina, foni ya wina ndi ngongole ya feteleza ya wina zonse zigwera pa mutu umodzi. Ngati mukungofuna kunena kuti "zambiri za munthuyu kaoneni uko", rdfs:seeAlso ikukwanirani, ndipo siilumbira chilichonse.

Ine ndinapsapo kale, osati ndi sameAs koma ndi imelo. Mu FOAF, foaf:mbox imatengedwa kuti ndi ya mwini mmodzi yekha, choncho mbiri ziwiri zikakhala ndi imelo imodzi, pulogalamu yodziwa malamulo a OWL imati ndi munthu mmodzi. Nthawi ina ndikukonza kaundula wa kagulu kena, ambiri analibe imelo, ine mwaulesi n'kuwaikira onse ya mlembi. M'mawa mwake ndinapeza gulu lonse lasanduka munthu mmodzi wa maina ambirimbiri, mwamuna ndi mkazi yemwe, wobadwa masiku osiyanasiyana. Ndinaseka ndekha, kenako ndinatha tsiku lonse ndikuwalekanitsa. Pomwe palibe imelo, siyani popanda kanthu.

Mwina mukuganiza zogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso cha unzika, poti chiyambire kalembera wa NRB wa mu 2017 akuluakulu ambiri ali nacho. Chonde ayi. URI imayenda poyera, aliyense amaiona. Nambala zimene zinapangidwira kuonekera ndi zina, monga ORCID ya anthu ochita kafukufuku, kapena nambala za Wikidata, kaundula wapoyera wa pa intaneti, kumene Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, ndi Q80. Mlimi wa ku Bua sapezekamo, ndipo palibe vuto. Mupatseni nambala yanuyanu, monga anthu:m0147. Ndikutero chifukwa dzina limasintha, mayi akakwatiwa kapena wina akakonza kalembedwe, pomwe URI siiyenera kusintha. Dzinalo likhale mu foaf:name basi.

Kanthu kena kakang'ono: URI ya tsamba lofotokoza a Phiri isakhale yomweyo ya a Phiri eni ake. Kachizindikiro ka # kamene kali kumapeto kwa namespace yanu kakugwira kale ntchito imeneyi, musakachotse.

Musanalembe chilichonse, amayi, aimbireni kaye foni alangiziwo muwafunse ngati a Phiri a m'kaundula wa ku Salima alidi iwo, komanso ngati akulola kuti mbiri yawo ioneke m'mafayilo onse awiri. Akavomera, nditumizireni mizere ya @prefix ya mafayilo onsewo ndiione.