Phiri la pakati pa dzenje si mwala umene unagwa

Aphunzitsi ena a ku Katete andilembera imelo. Ana awo anaona chithunzi cha dzenje la pa pulaneti ya Mars lili ndi phiri pakati, ndiye akufunsa ngati phirilo ndi mwala umene unagwa kuchokera kumwamba.

Ayi ndithu, aphunzitsi, mwalawo simungaupezenso wathunthu. Umabwera pa liwiro la makilomita ambiri pa sekondi imodzi, ndipo ukangogunda nthaka umaphulika. Mbali yaikulu imasungunuka kapena kusanduka nthunzi. N'chifukwa chake maenjewa amakhala ozungulira ngakhale mwalawo utabwera chopendekeka: chimakumba ndi kuphulikako.

Nanga phirilo? Mvula ikayamba, tchererani beseni pansi pa malata, anawo ayang'anitsitse. Dontho likagwa, madzi amalowa pansi kenaka pakati pamatumphuka kansonga. Thanthwe likamenyedwa mwamphamvu chonchi, kwa kanthawi limachita ngati phala. Pansi pamatukuka, n'kuuma pomwepo. Makoma nawo amagumukira m'kati, n'kusiya masitepe akuluakulu.

Izi zimachitika pa maenje aakulu okha. La ku Arizona, ku America, lomwe linakumbika zaka pafupifupi 50,000 zapitazo, ndi lotambalala makilomita 1.2 basi, ndipo lili ngati mbale ya ndiwo, lopanda phiri. Koma dzenje la pa Mwezi lotchedwa Tycho ndi lotambalala makilomita 85, pafupifupi ulendo wa ku Chipata kuchokera kwanuko, ndipo phiri lake la pakati limatalika makilomita 2.

Chimene ine chimandisangalatsa kwambiri chili kunja kwa dzenje. Mkombero umakhala wokwera kuposa nthaka yozungulira, ndipo miyala yotayidwa imayala ponseponse. Pa Mars, pa maenje ambiri zotayidwazo zimaoneka ngati matope amene minibasi yakuthirani m'nyengo ya dzinja, zoyenderera, zokhala ndi milomo kumapeto. Akatswiri ambiri amati pansi panali madzi oundana amene anasungunuka ndi kutenthako.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Imelo yanu sinatchule dzina la dzenjelo. Ngati ndi Gale, la makilomita 154, kumene kagalimoto ka roboti kofufuza kotchedwa Curiosity kanatera mu 2012, nkhani ya beseni ija siyikwanira. Phiri lakelo, Mount Sharp, lotalika makilomita oposa 5, mbali yaikulu ndi matope ndi mchenga zimene zinaunjikana pang'onopang'ono dzenje litakumbika kale. Anawo ayang'anenso chithunzicho, aone ngati phirilo lili ndi mizere yosanjikizana.