Andipeza kachotupa pachiwindi, kodi ndi khansa?

Funso: Adokotala, ndinakapangitsa sikani ya ultrasound chifukwa cha vuto lina la m'mimba ndiye akuti aona kachotupa pachiwindi, ati ndikapangenso sikani ina yotchedwa MRI. Tulo sindikuona, kodi imeneyi si khansa?

Yankho: Mtima m'malo kaye. Zotupa zambiri zopezeka mwangozi chonchi sizikhala khansa, makamaka ngati chiwindi chanu chilibe matenda ena monga hepatitis B. Chofala kwambiri ndi hemangioma, kamulu ka timitsempha ta magazi topiringizana basi, ena amakhala nako moyo wonse osadziwa n'komwe.

MRI-yo akufuna atsimikize. Amakubayani mankhwala mumtsempha kenako n'kumajambula kangapo, pachithunzipo hemangioma imayamba kuwala m'mphepete ndiye kuwalako kumalowa mkati pang'onopang'ono, pomwe FNH, chotupa chinanso chomwe si khansa, imawala yonse msangamsanga ndipo kawirikawiri imakhala ndi kachipsera pakati. Zikaoneka choncho nthawi zambiri sipafunikanso kutapa kanyama kokayeza. MRI ilibenso radiation (cheza chonga cha X-ray), mosiyana ndi sikani ya CT.

Chomwe timasamala nacho ndi chotupa china chotchedwa adenoma, chimakonda azimayi omwa mapilitsi olera ndipo chikapitirira masentimita 5 chitha kutaya magazi. Ngati mukumwa mapilitsiwo auzeni adokotala anu, osabisa ayi.