Apollonius wake uti, wamasamu, wofera Chikhristu kapena wazozizwitsa?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo ena omwe amaphunzitsa masamu kusekondale, amenenso amatumikira kutchalitchi kwawo. Afunsa kuti: "Pa mndandanda wa ofera Chikhristu ndapezapo Apollonius. M'buku la masamu mulinso Apollonius. Pa intaneti akuti Apollonius ankachita zozizwitsa ngati Yesu. Kodi ndi munthu mmodzi? Ngati ndi mmodzi, woyera mtima angakhalenso bwanji wamatsenga?"

Aphunzitsi, mtima m'malo. Amenewa ndi anthu atatu, ndipo kuchokera pa woyamba kufika pa wotsiriza panadutsa zaka pafupifupi 400. Chimene chakusokonezani n'chakuti Agiriki akale analibe dzina la banja ngati limene timalemba pa chiphaso. Munthu ankakhala ndi dzina limodzi, ndipo ili la Apollonius, lochokera kwa mulungu wawo Apollo, linali lofala zedi. Kuliitana pamsika wa ku Alexandria kunali ngati kuitana kuti "aBanda" pamsonkhano wa m'mudzi. Pofuna kusiyanitsa, ankawonjezera dzina la bambo, la mzinda, kapena lachipongwe.

Wanu wamasamuyo ndi wa ku Perga, mzinda wa ku Pamphylia umene tsopano uli m'dziko la Turkey, komwe Yohane Marko anasiyana ndi Paulo pa Machitidwe 13. Anakhalako cha m'ma 200 BC, ndipo anafufuza mizere yokhota imene imaoneka mukadula cone, chinthu chozungulira pansi koma chosongoka pamwamba, mopingasa mosiyanasiyana. Mayina amene ana anu amavutika nawo aja, ellipse, parabola ndi hyperbola, anawakhazikitsa ndi iyeyo. Ntchito yake yotchedwa Conics inali ndi mabuku 8. Anayi oyambirira anatifika m'Chigiriki, atatu otsatira anapulumuka chifukwa akatswiri a ku Baghdad anawamasulira m'Chiarabu m'zaka za m'ma 800, ndipo lomaliza linatayika. Katswiri wa zakuthambo Kepler atalengeza mu 1609 kuti Mars amayenda njira ya ellipse pozungulira dzuwa, masamu a mzere umenewu anali atakonzedwa kale zaka 1,800 m'mbuyomo. Kwa ine, pa onse a dzinali, uyu ndiye mwini wake.

Wofera Chikhristu anali wa ku Roma, m'nthawi ya mfumu Commodus. Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo, akuti anali munthu wodziwika ndi maphunziro ndi nzeru, ndipo wina anakamuneneza kuti ndi Mkhristu. Woweruza mlandu anali Perennis, mkulu wa asilikali olondera mfumu. Chodabwitsa n'chakuti woneneza uja ndiye anayamba kulangidwa, anamuthyola miyendo. Koma zimenezo sizinamupulumutse Apollonius. Perennis anamuchonderera kuti asinthe maganizo, iye anakana, anadziteteza pamaso pa aphungu a Roma, kenako anamudula mutu. Perennis naye anaphedwa mu 185, kotero mlanduwu sunapitirire chaka chimenecho. Muchenjerenso, pakuti pali Apollonius wina wofera chikhulupiriro ku Antinoe m'dziko la Egypt, pa chizunzo cha mfumu Diocletian. Amakumbukiridwa limodzi ndi Philemon woimba chitoliro, amene nkhani imati Apollonius anamutuma kukapereka nsembe kwa milungu m'malo mwake, koma atafika kumeneko nayenso anavomereza Khristu.

Tsono wazozizwitsayo. Uyu ndi wa ku Tyana ku Cappadocia, wa m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa. Ankatsata chiphunzitso cha Pythagoras, sankadya nyama, sankamwa vinyo, ankayenda mizinda n'kumaphunzitsa. Mkhristu sanali ayi. Zakuti anafika ku India, anatulutsa ziwanda ndi kudzutsa mtsikana amene ankapita naye kumanda ku Roma, zikuchokera m'mbiri imene Philostratus analemba munthuyo atamwalira kalekale, zaka zoposa 100, atapemphedwa ndi Julia Domna, mkazi wa mfumu Septimius Severus. Kumuyerekeza ndi Yesu si nzeru ya pa YouTube. Cha m'ma 300, nduna ina ya boma yodana ndi Akhristu, Hierocles, inachita zomwezo, ndipo inayankhidwa m'buku lodziwika ndi dzina la Eusebius. Kuti munthuyu analipo sindikukayika, koma buku la Philostratus ndimaliwerenga ngati nthano yokometsedwa bwino yosangalatsa a kunyumba yachifumu.

Simunafunse, koma alipo enanso. Wa ku Rhodes analemba ndakatulo yaitali, Argonautica, ya ulendo wa Jason ndi chikondi cha Medea, ndipo anayang'anirapo laibulale ya ku Alexandria. Laibulale yomweyo inadzayang'aniridwanso ndi Apollonius wina, moti ngakhale olemba akale ankawasokoneza awiriwa, ndiye musadzione ngati mbuli. Winanso, katswiri wa galamala wa mumzinda womwewo, anapatsidwa dzina lakuti Dyscolus, kutanthauza wovuta. Ku Vatican kuli chiboliboli chamwala chopanda mutu, manja ndi mapazi, Belvedere Torso, chimene katswiri wosema Michelangelo ankachisirira. Pamwalapo pasemedwa mawu akuti anachipanga ndi Apollonius mwana wa Nestor, wa ku Athens, ndipo za moyo wake zimene zatsala ndi zomwezo basi.

Poti mumatumikira kutchalitchi, mmodzi mumamudziwa kale. Apolo wa pa Machitidwe 18, Myuda wa ku Alexandria wodziwa kulankhula, amene Paulo anati ankathirira zimene iye anadzala ku Korinto, dzina lake ndi chidule cha lomweli. Buku lakale lolembedwa pamanja lotchedwa Codex Bezae, limene likusungidwa ku Cambridge, pa vesi 24 linalemba dzina lonse, Apollonius.