Big Walk yokonzera chitando: tiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa m'boma la Zomba. Gulu lawo la amayi likufuna kuyenda ndawala, ija ambirife timangoti Big Walk, kuti lipeze ndalama zofolerera chitando cha amayi oyembekezera pachipatala cha kwawo, chomwe chikudontha. Akufunsa kuti ayambire pati, ndipo atani kuti anthu asakhetse thukuta pachabe.

Mayi, ndalama zenizeni za Big Walk sizitoleredwa pamsewu. Ma K200 ndi ma K500 omwe a minibasi ndi a kabaza amaponya m'mbale tsikulo kawirikawiri amathera pa madzi akumwa ndi mafuta a galimoto ya chinkuzamawu. Zomangira zimapezeka m'masabata a m'mbuyo, tsikulo lisanafike. Taonani Mother's Fun Run ya Nation Publications Limited, yothandiza pa uchembere wabwino: makampani ndi mabungwe amakhala atalonjeza kale ndalama ndi zipangizo, ndipo tsiku lothamangalo limakhala lokapereka.

Choncho yambani ndi mmisiri. Akwere padengapo, awerenge malata, matabwa ndi misomali, akulembereni mtengo wake. Mukalowa m'sitolo ya hadiweya ndi pepala limenelo n'kunena kuti "tikusowa malata 40, inu mutithandiza angati?", mwini sitolo amayankha mosavuta kusiyana ndi pomwe mwangoti "tithandizeni". Ambiri savutika kupereka katundu, koma ndalama amaumira. Musanatero, khalani pansi ndi mkulu wa chipatalacho, komiti ya chipatala ndi mafumu, chifukwa simungakhome msomali panyumba ya eni ake asanavomere.

Mafomu opemphera thandizo ndi pomwe magulu ambiri amayambanirana, ndipo apa ndikupemphani kuti muumitse mtima. Fomu iliyonse ikhale ndi nambala ndi chidindo, ndipo mlembi alembe m'kope dzina la amene waitenga. Yobwera yopanda kanthu ibwezedwebe. Nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ikhale imodzi yokha, yodziwika kwa onse, osati foni ya wapampando yomwe amagulirapo mayunitsi a magetsi kunyumba. Matisheti asiyeni pokhapokha wina atawalipira, chifukwa amadya ndalama ya malata.

Za chilolezo: lamulo la apolisi la 2010 limati wokonza msonkhano kapena ulendo wa gulu pamsewu adziwitse bwanamkubwa wa boma mwa kalata, pasanatsale maola 48 koma osapitirira masiku 14 tsikulo lisanafike, ndipo kope lipite kwa mkulu wa polisi ya m'deralo. M'kalatamo mulembe tsiku, nthawi, poyambira, njira, pothera ndi chiwerengero cha anthu omwe mukuyembekeza. Kenako pitani nokha kwa apolisi a pamsewu mukagwirizane za operekeza, makamaka ngati mudzadutsa pa msewu waukulu wa M3.

Mtunda wa makilomita 5 mpaka 8 ndi wokwanira, poti padzakhala agogo ndi amayi a ana kumbuyo. Anthu awiri ayende njira yonseyo sabata imodzi tsikulo lisanafike, pa ola lomwelo, aone milatho yopapatiza, pokhota posaoneka bwino ndi pomwe pali mthunzi woikapo ndowa za madzi. Pewani tsiku la msika. June ndi July ndi miyezi yabwino; ngati ndi October, nyamukani 6 koloko m'mawa osadikira mlendo wolemekezeka, akakupezani kothera. Ana akhale pakati, anyamata ovala zonyezimira m'mbali, ndipo kumbuyo kwenikweni kuzibwera galimoto yonyamula otopa, muli anthu a Red Cross ndi mapaketi a Thanzi ORS.

Mukafika, ndalama za m'mbale ziwerengedwe pomwepo ndi anthu atatu, mmodzi wochokera kunja kwa gulu lanu, ndipo msungichuma alengeze zonse anthu asanabalalike: za pamsewu, za m'mafomu, za pafoni ndi malonjezo omwe sanafike. Malonjezowo muwalondole sabata yomweyo. Malata akagulidwa, matani malisiti pakhoma la chipatala ndi kutumiza zithunzi zake pa WhatsApp kwa aliyense amene anapereka, ngakhale uja wa K500.