Mwafunsa, Tayankha: Mhindu Akalota Mulungu Kapena Guru Wake

FUNSO: Mnzanga wakuntchito ndi Mhindu. Tsiku lina anafika nkhope ili mwee, akuti walota Ganesha, mulungu wa mutu wa njovu uja. Kodi kwa iwo maloto otere amatanthauzanji? (Wowerenga wa ku Limbe)

YANKHO: Chimene chinakondweretsa mnzanuyo Ahindu amachitcha darshan, kuonana maso ndi maso ndi mulungu. N'chomwecho chimene amapitira kukachisi, ndiye mulunguyo akabwera yekha kutulo amati ndi chisomo. Ganesha ndi wochotsa zopinga, amene amamupempha poyamba ntchito iliyonse, choncho ambiri amamasulira kuti njira yatseguka. Mulungu wamkazi Lakshmi amakhudza chuma, Saraswati maphunziro. Koma omasulira odziwa safulumira ndi dzina. Amayamba afunsa kuti mulunguyo amatani. Ngati amamwetulira, kudalitsa, kapena kupereka duwa loyera kaya chipatso, ndi zabwino. Ngati anakwiya kapena kufulatira, kapena chifaniziro chake chinasweka, wolotayo amadzifufuza: mwina pali chowinda chimene sanachikwaniritse, mwina wataya mulungu wa banja lake, amene amati kuladevata.

FUNSO: Ndiye kuti maloto onse a milungu amawakhulupirira?

YANKHO: Ayi ndithu, ndipo apa m'pamene anthu akunja amalakwitsa poganiza kuti Ahindu amangomeza chilichonse. Buku lakale la zamankhwala la Charaka Samhita limagawa maloto m'mitundu 7: ochokera pa zimene munaona, zimene munamva, zimene zinakuchitikirani, zimene mumalakalaka, zimene mumaganizira, ochokera ku kusokonezeka kwa thupi, ndi olosera zakutsogolo. Mitundu 5 yoyambayo limati ilibe phindu. Tiyerekeze kuti munthu wachezera ku Janmashtami, chikondwerero cha kubadwa kwa mulungu Krishna, kuyimba nyimbo zake mpaka pakati pa usiku, nyale zili ngwee, fungo la lubani lili guu. Akagona n'kulota mnyamata woimba chitoliro wa nthenga ya pikoko kumutu, monga amajambulira Krishna, chimenecho n'chimene maso anaona, osati uthenga. Bukuli limatayanso maloto a masana, ofupikitsitsa ndi otalikitsitsa.

Chachiwiri ndi nthawi. Usiku amaugawa m'maulonda 4, uliwonse wa maola pafupifupi 3. Mabuku a Purana, monga Matsya ndi Agni, amati loto la ulonda woyamba limakwaniritsidwa pa chaka, la wachiwiri pa miyezi 6, la wachitatu pa miyezi 3, pamene la m'bandakucha pa masiku 10 okha. N'chifukwa chake amalemekeza maloto a pa Brahma muhurta, nthawi yoyamba mphindi 96 dzuwa lisanatuluke n'kutha kutatsala mphindi 48. Pamenepo chakudya chagayika, thupi lapuma, mtima uli zii.

Pali zizindikiro zinanso zimene amayang'ana. Kukwera njovu, ng'ombe yamphongo kapena phiri n'kwabwino. Kudzola mafuta thupi lonse, kukwera bulu ndi kulowera kumwera, kumene kuli Yama mwini imfa, ndi malodza. Mu Ramayana, nkhani yakale ya Rama ndi mkazi wake Sita, mayi wolondera Sita wotchedwa Trijata analota Rama atavala zoyera ali pa njovu, pamene Ravana, mfumu imene inaba Sita, anali noninoni ndi mafuta akupita kumwera pa bulu, ndipo anachenjeza anzake kuti aleke kuzunza Sita.

Ife timaona kuti kusefa kotereku n'kwanzeru. Munthu wolakalaka chinthu amalota chimene akufunacho, n'kuchiveka nkhope ya mulungu.

FUNSO: Mlamu wanga anakwatiwa ku banja la Chihindu ku Durban. Akuti guru (mphunzitsi wa zauzimu) wa banjalo, amene anamwalira kale, anamuuza kutulo mawu opempherera. Achite nawo chiyani?

YANKHO: Zimenezi zili ndi dzina, svapna diksha, kulandira mantra (mawu opatulika opempherera) m'maloto. Kwa Mhindu guru sasiya kutsogolera ophunzira ake chifukwa choti thupi lafa, choncho banjalo silidzadabwa. Njira yake ndi iyi. Akadzuka alembe mawuwo nthawi yomweyo monga anawamvera, asanayankhule ndi munthu, chifukwa loto limasungunuka msanga. Asawalengeze, pakuti mantra ya munthu imakhala yachinsinsi. Kenako apite nawo kwa mphunzitsi wamoyo wa mzere womwewo wa guruyo, umene amati parampara, kuti awatsimikize.

Sitepe yomalizayi asaidumphe. Mantra kawirikawiri ndi ya m'Chisanskrit, chinenero chimene kutalikitsa kapena kufupikitsa liwu limodzi kumasintha tanthauzo, ndipo khutu la kutulo limadula mawu. Mphunzitsiyo amakonza katchulidwe n'kupereka chiwerengero, kawirikawiri maulendo 108 pa mkanda wopempherera wotchedwa mala, m'mawa ndi madzulo.

Muyezo wina ngwosavuta. Guru wa kutulo sangalamule zotsutsana ndi zimene ankaphunzitsa ali moyo. Loto lokuuzani kusiya mankhwala a kuchipatala, kutaya banja kapena kupweteka munthu silichokera kwa iye. Achenjerenso ndi munthu wobwera n'kunena kuti guru wamulotetsa kuti inu mupereke ndalama.

FUNSO: Nanga akadzuka ku loto labwino kapena loipa amatani?

YANKHO: Malangizo ake ngotembenuzana. Loto labwino likakudzutsani musagonenso, kuopa kuti lina lingabwere pamwamba n'kulifafaniza. Sambani, yatsani nyale ya mafuta a ghee (batala woyenga) pa kaguwa ka m'nyumba, ndipo khalani mukutchula dzina la mulunguyo mpaka kuche. Ambiri amangouza guru kapena mkulu mmodzi wodalirika.

Loto loipa ndiye amati linenedwe, ndipo munthu agonenso kuti lithe mphamvu. Kukacha amasamba, ena amathira chitowe pa moto wansembe, kupereka chakudya kwa ansembe ndi osowa, n'kuwerenga Gajendra Moksha, nkhani ya m'gawo la 8 la Bhagavata Purana ya njovu imene inagwidwa mwendo ndi ng'ona m'dziwe, n'kufuulira mulungu Vishnu itanyamula duwa ndi chitamba. Ngati loto lomwelo likubwerezabwereza limodzi ndi kutentha thupi kapena kusowa tulo, Ayurveda, nzeru yakale ya zamankhwala ya ku India, imaliika mu mtundu wochokera ku thupi uja, ndipo wofunika kumuona ndi dokotala.