Musanalipire ulendo wokawerenga mazira a akamba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachitatu cha maphunziro a biology. Akuti waona malo angapo akuitana ophunzira kuti akathandize pa kafukufuku wa akamba a m'nyanja zamchere nyengo yoikira mazira. Ndiye akufunsa kuti ntchito yake ndi yotani kwenikweni, ndipo kodi n'koyenera kuwonongerapo ndalama poti kwathu kuno nyanja yamchere kulibe.

Achemwali, choyamba iwalani zithunzi zija za anthu akumwetulira dzuwa likuswa mtengo, kamba ali pambali. Ntchitoyi ndi ya usiku. Kamba wamkazi amatuluka m'madzi kukada, n'kukwawa mpaka pamchenga wouma, n'kukumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo. Inu mumakhala mukuyenda m'mbali mwa nyanja maola anayi kapena kuposa, mutavala zakuda, tochi yanu ili yowala mofiira chifukwa kuwala koyera kumamubweza. Mukamupeza akukumba, mumadikira chete. Akangoyamba kuikira sasamalanso za anthu, ndipo m'pamene mumagona chafufumimba kumbuyo kwake, dzanja lili m'golovesi, n'kumawerenga mazira akamagwa. Nthawi zambiri amapitirira 100. Akamaliza mumayeza chigoba ndi tepi, mumaona ngati ali ndi kachitsulo ka nambala pamwendo, ngati alibe amamuika, kenaka mumalemba pamene pali dzenjelo. Pakatha miyezi iwiri tiana taswa, mumabwerera kukafukula kuti muwerenge zigoba ndi mazira osukusa. Fungo lake silija munthu angadyere nsima pafupi.

Usiku wina mumayenda mpaka mbandakucha osaona kamba ndi mmodzi yemwe, koma mvula ndi udzudzu zokha. Zimenezonso zimalembedwa m'kope.

Chomwe ndikufuna muchimvetse n'chakuti kamba ndi nyama yochedwa. Wa mtundu wobiriwira, amene pa Chingelezi amati green turtle, amatha zaka 20 kapena 30 asanayambe kuikira, ndipo akaikira chaka chino amadumpha zaka ziwiri kapena zitatu asanabwerenso. Miyezi itatu imene mungakhale kumeneko payokha siuza munthu kanthu. Imakhala ndi phindu ngati ikuwonjezera pa kaundula amene anthu akhala akulemba kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake malo osankha ndi amene ali ndi mbiri yotere.

Ku Tortuguero, ku Costa Rica, katswiri wa akamba Archie Carr anayamba kuika akamba zizindikiro m'zaka za m'ma 1950, ndipo bungwe limene linabadwa pa ntchito yakeyo mu 1959, lomwe lero likutchedwa Sea Turtle Conservancy, likupitirizabe. Kumeneko kulibe msewu wa galimoto, mumafika pa boti kapena pa kandege. Akamba obiriwira amachuluka kuyambira July mpaka October, ndipo othandiza pa kafukufuku amapatsidwa pogona ndi chakudya, koma ulendo amadzilipirira okha. Chisipanishi chimathandiza kwambiri. Ku Greece kuli bungwe la Archelon, la mu 1983, lomwe limalandira anthu odzipereka pa chilumba cha Zakynthos ndi magombe ena.

Koma kwa inu ndinganene kuti yambani mwayang'ana pafupi. Kumpoto kwa KwaZulu-Natal ku South Africa, m'dera la iSimangaliso, akhala akuwerenga akamba kuyambira 1963, ndipo ndi umodzi mwa akaundula akale kwambiri padziko lonse. Kumeneko kumaikira mitundu iwiri: wa mutu waukulu amene pa Chingelezi amati loggerhead, ndi chimphona cha chigoba chonga chikopa, leatherback, chimene chimatha kulemera makilogalamu 500. Gombe lomwelo limapitirira mpaka ku Ponta do Ouro ku Mozambique. Uku n'kofikika pa basi, ndipo nyengo yake imafika pachimake kuyambira November mpaka January. Ku Watamu, ku Kenya, kulinso bungwe loteteza akamba la Local Ocean Conservation.

Tsopano nkhani ya ndalama. Pali malo ena, sinditchula mayina, amene kwenikweni amagulitsa tchuthi: mumalipira madola ambiri pa sabata, amakupatsani chibekete cha tiana kuti mukatsire m'madzi, mumajambulitsa, basi. Musanatumize ndalama afunseni mafunso awa: kodi akutsogolera kafukufukuyo ndi ndani, ali ndi chilolezo cha boma, zomwe mudzalembe zimapita kuti, ndipo manja anu adzagwira chiyani? Akayankha mozungulira, alekeni. Malo enieni amakonda munthu wokhala nyengo yonse kusiyana ndi wa masabata awiri, chifukwa kuphunzitsa mlendo kumatenga nthawi.

Za kusowa kwa nyanja yamchere musade nazo nkhawa. Luso loika nyama chizindikiro, kuipezanso, ndi kusunga manambala mosalakwitsa uli ndi tulo, limagwira ntchito pa chambo ndi pa nkhasi zathu. Ndipo taonani ichi: mwa akamba, kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha ngati kamwana kadzakhale kakamuna kapena kakakazi. Malire ake ali cha pa madigiri 29, ndipo kukatentha kuposa apo amachuluka ndi aakazi. Mazira a ng'ona za mu Shire nawonso amayendera kutentha kwa chisa, ngakhale kuti kawerengedwe kake n'kosiyana. Ngati mukusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, ulipo pamenepo.

Pemphani aphunzitsi anu kalata yokuchitirani umboni panopa, onetsetsani kuti pasipoti siili pafupi kutha, ndipo makalata anu atumizeni kudakali miyezi ingapo nyengo isanayambe. M'kalatamo tchulani kuti mumatha kuyenda mtunda wautali usiku.